Pansi pa sinowo pali munda wa munthu

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsapo m'kalasi mwanga, papita nthawi ndisanalembe kanthu. Fomu 4 ikukonzekera mayeso, ndiye mukudziwa kale mmene zimakhalira, choko m'manja usana, cholembera chofiira usiku. Koma pali nkhani imene yandikhala pakhosi masabata awiri tsopano, ndipo yabwera kuchokera kutali kwambiri.

Mmodzi mwa anyamata amene ndinawaphunzitsa Jogalafe zaka zapitazo ali ku Canada, m'chigawo cha Ontario, komwe akugwira ntchito pa famu ya ng'ombe za mkaka. Dzina lake sinditchula, anzake a m'kalasi amudziwa okha. Iyeyu ananditumizira zithunzi ziwiri pa WhatsApp. Choyamba anajambula mu Febuluwale. Ndi munda waukulu woyera mbee, wokutidwa ndi chipale chofewa chija ambiri timangoti sinowo, ndipo pamwamba pake pali mizere yokhotakhota, ina yozungulira, ngati mwana wa Sitandade 1 wapatsidwa pensulo koyamba. Chachiwiri anajambula mu Meyi, ataima pamalo omwewo, sinowo atasungunuka. Munda uli biriwiri ndi tirigu. Koma mizere ija ilipobe, malo omwewo, kukhota komweko, kungoti tsopano ndi yofiirira. Tirigu wa m'mizeremo anafa.

Mizereyo inalembedwa ndi anthu okwera makina otchedwa snowmobile. M'mphepete mwa mundawo munali njira yawo yovomerezeka, yoikidwa zikhomo, imene mwini famu anawalola kudutsamo kwa zaka zambiri osawalipiritsa. Ena mwa iwo anaona kuti njirayo siikuwakwanira, nkukhotera m'munda kukasewera. Mwini famu ataona tirigu wake mu Meyi, anauza a kalabu ya okwerawo kuti azule zikhomo zawo, chaka chamawa pasadzadutse munthu. Mnyamata wanga uja, amene nayenso anayamba kukonda masewerawa, anandilembera modandaula. Akuti abwana ake achita nkhanza, chifukwa olakwa ndi atatu kapena anayi koma amene avutike ndi mazana. Anandikumbutsanso, mwaulemu ndithu, kuti ineyo ndinkadana ndi zolanga kalasi yonse chifukwa cha mwana mmodzi wosokosera. Ndiye anafunsa kuti, nanga apa aphunzitsi mukuti bwanji?

Ndikuti mwini famu sanalakwe. Koma popeza funsolo labwera ndi mawu anga omwe, ndiyenera kuliyankha bwino.

Poyamba ndifotokoze chinthucho, chifukwa nditaonetsa zithunzizi muofesi ya aphunzitsi ambiri anafunsa kuti kodi ndi galimoto kapena ndi njinga. Snowmobile ili ngati njinga yamoto yopanda matayala. Kutsogolo ili ndi timatabwa tiwiri totsetsereka timene amawongolera, kumbuyo ili ndi lamba wamkulu wa labala wokhala ndi mano, wozungulira ngati wa kasinja wa asilikali. Wokwera amakhala chotang'adza monga pa kabaza, ndipo zamakono zimapitirira makilomita 100 pa ola mosavuta. Kuti ndisavutike ndi Chingerezi, ndizingoti njinga za pa sinowo.

Mbiri yake ndi yogwira mtima, ndipo ndimaikonda. Joseph-Armand Bombardier anali makaniko wa m'mudzi wa Valcourt, m'chigawo cha Quebec. M'nyengo yozizira ya 1934 mwana wake wa zaka ziwiri anadwala, misewu itatsekeka ndi sinowo, ndipo anamwalira osafika naye kuchipatala. Bambowo anali atayamba kale kuyesa kupanga galimoto yoyenda pa sinowo, koma imfa imeneyi inawapatsa khama lina. Mu 1937 anatulutsa galimoto yotchedwa B7, yonyamula anthu 7, imene inathandiza madokotala, ansembe ndi onyamula makalata kumidzi. Kanjinga kakang'ono ka munthu mmodzi kapena awiri, kotchedwa Ski-Doo, kanabwera mu 1959. Ndiye onani, chinthu chimene chinabadwa pofuna kupulumutsa moyo, m'zaka za m'ma 1960 chinasanduka choseweretsa cha anthu masauzande. Sindikunyoza. Kumene kumazizira miyezi inayi kapena isanu munthu amafunika chomutulutsa m'nyumba, ndipo mahotela, malo odyera ndi malo omwetsera mafuta m'matauni ang'onoang'ono amadalira alendo amenewa kuti adye m'nyengoyo.

Vuto linali loti njingazi sizifuna msewu. Sinowo akagwa amakwirira chilichonse, malire, ngalande, mizere, mipanda yaifupi, ndipo dziko lonse limaoneka ngati bwalo limodzi lopanda mwini. M'zaka zoyambazo anthu ankangoyenda paliponse, ena kumadula mawaya a mipanda, alimi nkumalusa. Okwera anzeru anaona kuti akapitiriza choncho adzaletsedwa onse. Anayambitsa makalabu, makalabu nkupanga mabungwe. Ku Ontario bungwe lawo, OFSC, linayamba mu 1967, ndipo la ku Quebec, FCMQ, mu 1974. Lero la ku Ontario limasamala njira zotalika makilomita oposa 30,000, la ku Quebec pafupifupi 33,000. Ana anga a Jogalafe, tengani ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe, umene ndi makilomita opitirira pang'ono 300, muuyende pafupifupi ka 100. Ndiwo utali wa njira za chigawo chimodzi chokha.

Tsono mfundo imene mnyamata wanga sanaiganizire bwino ndi iyi: njira zimenezi si misewu ya boma. Mbali yaikulu, makamaka kumwera kumene kuli minda, zimadutsa m'malo a anthu wamba. Bungwe la ku Ontario limanena lokha kuti limadalira eni malo pafupifupi 18,000. Anthu odzipereka a m'kalabu amayenda khomo ndi khomo kupempha, mwini malo akavomera amasayina pepala, kalabu imaika zikhomo ndi zikwangwani, imasalaza njirayo ndi makina, ndipo inshulansi ya bungwe imateteza mwini maloyo wina akavulala panjirapo. Eni malo ambiri salandira ndalama. Wokwera amalipira chiphaso chake chaka ndi chaka, inde, koma ndalamayo imapita ku makina, mafuta, milatho ndi inshulansi. Sagula nayo munda. Chimene mlimi wapereka ndi kamzere kochepa, m'nyengo yozizira yokha, kwa njinga za pa sinowo zokha. Mita imodzi kunja kwa zikhomo, chilolezo chija kulibe.

Mnzanga wina wophunzitsa Masamu anati, koma abale, pa sinowo pali chiyani choononga? Munthu akungodutsa pamwamba, sakugwira nthaka, sinowoyo mawa asungunuka. Funso limeneli ndi lomwenso wokwera amadzifunsa akamakhotera m'munda, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Ku Ontario kuli tirigu amene amafesedwa mu Seputembala kapena Okutobala. Amamera, amafika msinkhu wa kaudzu kakafupi, kenako chisanu chikafika amaima kukula nkugona mpaka nyengo yofunda, ndipo amakololedwa cha mu Julayi. Palinso msipu wa ng'ombe wotchedwa alfalfa umene umakhala m'munda zaka zingapo osabzalanso. Zomera zimenezi zimapulumuka chisanu chifukwa cha sinowo yemweyo. Sinowo wongogwa kumene ndi wofewa, wodzaza ndi mpweya, ndipo mpweya wotsekeredwa sulola kutentha kuthawa msanga. Ndi chimodzimodzi bulangeti, kapena denga la udzu limene limasunga nyumba yofunda mu Juni kuposa la malata. Kunja kukhoza kuzizira madigiri 20 kunsi kwa ziro, koma pansi pa sinowo wokhuthala nthaka imakhala pafupi ndi ziro, ndipo tsinde la tirigu limakhala ndi moyo.

Ikadutsa njinga yolemera makilogalamu oposa 200, kuphatikiza munthu pamwamba, lamba uja amatsindira sinowo nkufinya mpweya wonse. Bulangeti lija lasanduka chinsalu chopyapyala. Chisanu chimalowa pansi kwambiri pamzerepo. Kukafundako pang'ono masana nkuziziranso usiku, sinowo wotsindirika amasanduka madzi oundana olimba ngati galasi, ndipo zomera za pansi pake zimabanika chifukwa mpweya sukudutsa. Nyengo yofunda ikafika mzere umenewo ndi umene umachedwa kusungunuka. Pamene sinowo ali wochepa, mano a lamba amafika pansi nkumwetula zomerazo. Ichi nchifukwa chake mlimi amasankha yekha poti njira idutse, nthawi zambiri m'mphepete, pamene wavomereza mumtima kuti pamenepa nditayapo pang'ono.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi ndi nthawi. Wokwera amaononga mu Febuluwale, kuonongako kumaoneka mu Meyi. Iye amabwerera kutauni ali wosangalala, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti sanalakwire munthu, ndipo mwina mpaka kufa sadzadziwa. Woona zotsatira ndi mlimi yekha, miyezi itatu pambuyo pake, ataima pa munda wake wopanda womuloza chala. Ndipo tirigu si yekhayo. Pansi pa sinowo pamakhala timitengo tongobzalidwa kumene, pakamwa pa mapaipi ochotsa madzi m'munda, mawaya a mipanda, zipangizo zosiyidwa. Waya wobisika ukhoza kupha wokwera amene, ndipo palibe mlimi amene amafuna kudzuka m'mawa nkupeza mtembo m'munda mwake. Onjezanipo aja amasintha mapaipi a utsi kuti njinga izilira kwambiri, nkumadutsa pafupi ndi khola pakati pa usiku.

Lamulo lilipo, ndipo ndi lomveka. Ku Ontario lamulo lotchedwa Trespass to Property Act limanena kuti pa munda wolimidwa, kapena malo otchingidwa ndi mpanda, sipafunika chikwangwani choletsa. Kulima kumene ndiye chikwangwani. Pamalo ena mwini akhoza kungopaka kadontho kofiira pamtengo kapena pachikhomo, ndipo tanthauzo lake ndi loti osalowa. Kuyambira mu 2016 chindapusa chikhoza kufika madola 10,000 a ku Canada, ndipo khoti likhoza kulamula wolakwa kulipira zimene waononga. Papepala nzabwino. Koma mumugwira bwanji munthu wovala chisoti chobisa nkhope, wodutsa usiku pa liwiro la galimoto, apolisi ali makilomita ambiri kutali? Mlimi athamangitse ndi thalakitala? Chida chenicheni chimene ali nacho ndi chimodzi, chipata chake.

Tsopano ndibwere ku funso la chilango cha kalasi yonse. Ndikadali pomwepo, sindinasinthe. Mwana mmodzi akasokosa, kugwaditsa onse 80 padzuwa ndi ulesi wa mphunzitsi, ndipo kumaphunzitsa ana kuti kukhala wosalakwa kulibe phindu. Koma taganizani chifukwa chake ndi cholakwa. Mwana ali ndi ufulu wophunzira. Ine ndinalembedwa ntchito ndipo ndimalandira malipiro kuti ndimuphunzitse. Ndikamumana phunziro popanda mlandu, ndamulanda chake. Mlimi wa ku Ontario sanalembedwe ntchito ndi munthu. Wokwera njinga alibe chake m'munda muja. Zimene zachitika zikufanana ndi izi: mphunzitsi amene amabwereketsa mabuku ake a m'nyumba kwa ana mwa kufuna kwake, ndiye mabuku atatu abwera atang'ambidwa masamba, wong'amba sakudziwika, ndipo iye wati basi, mabuku anga akhale m'kabati. Alipo pakati panu amene angamunene kuti walanga kalasi? Ambiri a ife tinachitapo zimenezi. Ana abwino amadandaula, nzoona, ndipo kudandaula kwawo nkoyenera. Koma akalozere mkwiyo wawo kwa wong'amba uja.

Ndipo mmenemo ndi mmene ndikuonera njira yothetsera vutoli. Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo amene ayenera kuichotsa mudengu ndi mwini nsomba zinazo. Okwera amadziwana. Amaima limodzi pomwetsa mafuta, amadyera malo amodzi, amaona zithunzi zimene anzawo amaika pa Facebook akudzitama ndi sinowo wosapondedwa. Pa njinga iliyonse pali nambala. Munthu amene waona mnzake akukhotera m'munda nkungoseka, kapena kungoyang'ana kumbali, asadzadabwe akadzapeza chipata chotseka. Famu imodzi ikatseka, sikuti pangotayika mamita 500 okha. Njira imaduka pakati, ndipo odzipereka aja ayambirenso kugogoda makomo ena kufuna podzera, mwina osapapeza, tauni yonse nkukhala yosafikika.

Mnzanga wina, wophunzitsa Mbiri, anabweretsa mfundo yolemerapo. Iye anati nkhani yoti munthu mmodzi akhale ndi mahekitala mazana nkumaletsa ena kupondapo ndi yachilendo, dziko ndi la Mulungu, ndipo ngakhale ku Ulaya kuli maiko monga Sweden kumene aliyense ali ndi ufulu woyenda m'nkhalango ya mnzake. Nzoona, ufulu umenewo ulipo, amautcha allemansrätten. Munthu akhoza kuyenda pansi, kutola bowa ndi zipatso zakuthengo, ngakhale kugona usiku umodzi mu tenti pamalo a wina. Koma ufuluwo ndi wa miyendo, sufika pa injini. Dziko lomwelo la Sweden lili ndi lamulo la 1975 loletsa kuyendetsa makina pa munda wokutidwa ndi sinowo pokhapokha zikuonekeratu kuti sipaonongeka kanthu. Ku Norway anakhwimitsa kuposa apo ndi lamulo la 1977, ndipo mu 2015 ndi pamene analola makhonsolo kukhazikitsa njira zapadera za masewerawa. Ndiye ngakhale anthu amene amakhulupirira kwambiri kuti thengo ndi la tonse anaona kuti phazi la munthu ndi lamba wa makina nzosiyana.

Pali malo amodzi pamene mtima wanga umakayikako. Ku Quebec bungwe la alimi, UPA, lagwiritsapo ntchito njirazi ngati chokokera boma. Mu 2017 boma litasintha ndondomeko yothandiza alimi pa msonkho wa malo, alimi anaopseza kuti atseka njira za njinga za pa sinowo, nyengo ya alendo ili pachimake, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale boma linabweza kusinthako. Apa okwera sanalakwe kanthu, mkangano unali wa alimi ndi boma. Ifeyo aphunzitsi tikudziwa kuwawa kwa sitalaka imene imapweteka ana pomwe mkangano uli wa ife ndi otilemba ntchito, ndiye sindingaweruze mofulumira mbali iliyonse. Koma ngakhale pamenepo, palibe amene akanatha kunena kuti alimi akuba kanthu. Anangokumbutsa chigawo chonse kuti ntchito ya alendo ya ndalama zochuluka ikuyenda pa nthaka yobwereka.

Mwina wina akuti, aphunzitsi, ife sinowo tinangomuona m'buku lanu lija. Chabwino. Koma mnyamata wanga uja ndinamuyankha ndi nkhani ya kwathu, ndipo anaimva msanga kuposa zonse ndalemba pamwambapa. Mayi anga anali ndi munda pakati pa mudzi ndi chigayo. Kwa zaka zambiri munali kanjira ka phazi m'mphepete, ndipo iwo sankadandaula, ankati amayi osenza chimanga asazungulire kutali. Kenako zinabwera njinga zamoto za kabaza. Kanjira kanakula, pamene pachita matope oyendetsa ankalambalala podzera m'mizere, ndipo chimanga chikangokololedwa ankadutsa pakati penipeni poganiza kuti munda watha ntchito, pomwe nandolo akadali m'mundamo kudikira Ogasiti. Tsiku lina mayi anadula minga nkutseka ponse pawiri. Anthu anawanena kuti ndi ouma mtima, ena anakadandaula kwa amfumu. Amfumu anangofunsa funso limodzi, loti kodi amene anapempha njirayo poyamba ndani, ndipo anapempha kuti pazidutsa chiyani. Bwalo linakhala chete. Amayi osenza chimanga aja anavutikadi chaka chimenecho, ndipo mayi zinkawapweteka, koma nandolo wawo anakolola.

Ndiye ndinamuuza mnyamatayo kuti asapite kwa abwana ake kukawachonderera m'malo mwa okwera. Si udindo wake, komanso iye ndi wantchito, asaike abwana ake pamalo ovuta. Ngati akufuna kuthandiza, apite kwa anzake a m'kalabu awaonetse chithunzi chachiwiri chija, chifukwa ambiri a iwo sanaonepo munda umenewo mu Meyi. Awauze kuti popita kwa mwini famu asayambe ndi kupempha njira. Ayambe ndi kufunsa kuti tirigu amene anafayo ndi wa ndalama zingati, ndipo akonze bwanji. Akafuna kudzapemphanso, abwere ndi chinthu chogwirika, kaya ndi mpanda wa pulasitiki m'mbali mwa njira pamene pamakopa anthu kukhota, kaya kamera, kaya lonjezo loti wogwidwa adzamutengera okha kupolisi. Ndipo akakanizidwa athokoze chifukwa cha zaka zonse zimene anadutsa ulere, azule zikhomo zawo bwinobwino osasiyako ngakhale chimodzi choti chidzathyole makina odulira tirigu.

Wandiyankha Lamlungu lapitali. Akuti akuluakulu awiri a kalabu anapitadi, anakhala ndi abwana ake pakhonde nthawi yaitali, ndipo Loweruka lotsatira anabwera anthu asanu ndi mmodzi kudzakonza mpanda umene unagwetsedwa kumapeto kwa munda. Za njirayo abwanawo sanayankhe. Ati aona mu Novembala, akadziwa chimene abzale mbali imeneyo.